Mtima Wosokedwa Ufuna Kuyang'aniridwa

Lero tikamba za anthu amene anabadwa ndi chilema cha mtima, nachitidwa opaleshoni ali ana, ndipo tsopano akula.

Mwa ana 100 obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi mtima wotere. Ena ali ndi chibowo pakati pa zipinda za mtima, ena mtsempha wopapatiza. Kale ambiri ankafa ali aang'ono. M'chaka cha 1944 dotolo Alfred Blalock wa ku Baltimore anayamba kuthandiza ana obiriwira milomo, ndipo mu 1953 John Gibbon anasoka mtima wa munthu pamene makina anali kupopa magazi. Ana ena a m'dziko lino anatumizidwa ku India kukachitidwa opaleshoni yotere.

Tsono mverani bwino. Kusoka sikutha matenda onse. Pakapita zaka 10 kapena 20, kachitseko ka mumtima kangayambe kubweza magazi, ndipo chipsera chingasokoneze kagundidwe ka mtima. Munthu achita wefuwefu pokwera kamtunda kamene kale ankakwera atabereka dengu la tiyi, miyendo itupa, usiku alephera kugona chagada. Akakomoka m'munda musati walodzedwa. Mtengereni ku chipatala cha Muloza tsiku lomwelo, kuti akamtumize ku Mulanje boma kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli makina ounikira mtima.

Choopsa china nachi. Tizilombo ta m'dzino lovunda tingalowe m'magazi ndi kukakhala pa malo osokedwawo. Thupi litentha masabata awiri kapena atatu, abale nati ndi malungo, nagula mankhwala pa msika wa Limbuli. Malungo osamva mankhwala mwa munthu wa chipsera pachifuwa ayenera kupimidwa magazi msanga. Tsukani mano, ndipo musazulitse dzino kumudzi.

Amayi otere aonane ndi dotolo asanatenge pakati, makamaka amene akumwa warfarin, pakuti mankhwalawa angapweteke mwana m'mimba. Womwa warfarin apimitse magazi pa tsiku limene anauzidwa, ndipo asaphatikize ndi asipulini kapena mankhwala azitsamba.

Inu mafumu, funsani ngati munthu wanu wasunga buku lake la kuchipatala ndi makalata a opaleshoni. Dotolo watsopano afuna kudziwa chimene chinasokedwa ndi chaka chake. Tsiku lopimitsa likagwa m'nyengo yolima, uzani abale amlimire ndi kumthandiza ndalama ya ulendo, kuti apite ngakhale akumva bwino m'thupi.