Mwayi wokonza makadi pa draw poker

Draw poker ndi mtundu wa masewera a makadi otchedwa poker, amene adafala ku United States m'zaka za m'ma 1800. Pa five-card draw, wosewera aliyense amalandira makadi 5 kuchokera pa paketi ya makadi 52. Akatha kubetcha koyamba, amaloledwa kutaya ena mwa makadi ake kamodzi kokha ndi kulandira atsopano m'malo mwake. Mwayi woti makadi atsopanowo amuthandize ukhoza kuwerengedwa asanataye khadi lililonse.

Kawerengedwe kake

Wosewera amaona makadi ake 5 okha, choncho amene sakuwadziwa ndi 47. Makadi a m'manja mwa anzake amawerengedwa pamodzi ndi otsala pa paketi, chifukwa iye sadziwa kuti ndi ati. Akamasintha khadi limodzi, amawerenga makadi amene angamuthandize n'kugawa chiwerengerocho ndi 47.

Kusintha khadi limodzi

Flush ndi makadi 5 a chizindikiro chimodzi. Chizindikiro chilichonse chili ndi makadi 13, ndiye amene ali ndi anayi watsala ndi 9 omuthandiza. Mwayi wake ndi 9 pa 47, kapena 19 peresenti.

Straight ndi makadi 5 otsatizana manambala. Wogwira 5, 6, 7, 8 amafuna 4 kapena 9. Makadi oterewa alipo 8, ndipo mwayi wake ndi 17 peresenti. Koma wogwira 5, 6, 8, 9 amafuna 7 yekha. Makadiwo ndi anayi basi, ndipo mwayi umatsika kufika pa 8.5 peresenti, pafupifupi kamodzi pa maulendo 12.

Wogwira mapeyala awiri alinso ndi makadi anayi okha omupatsa full house, kutanthauza makadi atatu ofanana pamodzi ndi peyala.

Kusintha makadi awiri kapena atatu

Amene ali ndi peyala imodzi akataya makadi atatu enawo, mwayi woti apeze zoposa peyalayo ndi 28.7 peresenti. Nthawi zambiri amapeza mapeyala awiri, 16 peresenti, kapena makadi atatu ofanana, 11.4 peresenti. Ena amasunga khadi lalikulu monga Ace pambali pa peyala n'kusintha awiri okha, pofuna kuti anzawo aganize kuti ali ndi atatu ofanana. Kutero kumatsitsa mwayi kufika pa 26 peresenti.

Wogwira makadi atatu ofanana akasintha awiri, mwayi wopeza full house kapena anayi ofanana ndi 10.4 peresenti.

Kufunika kwake pobetcha

Osewera amayerekezera mwayiwu ndi ndalama zimene zili pakati. Mwachitsanzo, pakati pali madola 40 ndipo wosewera ayenera kuponya madola 10 kuti apitirize. Ngati akufuna khadi lapakati la straight, pa maulendo 47 adzapambana kanayi n'kupeza madola 160, koma adzaluza maulendo 43 n'kutaya madola 430. Ngati akufuna flush, adzapeza madola 360 n'kutaya 380, zomwe ndi kuluzabe pang'ono.

Chitsanzochi sichiwerengera kubetcha kwachiwiri, komanso chimatenga ngati wosewerayo amapambana nthawi zonse akapeza khadi lake. Zoona zake n'zakuti mnzake akhoza kukhala ndi makadi oposa ake, ngakhale flush kapena straight yatheka.