Kompyuta ikamabwerera ku chiyambi cha chilengedwe

Masamu amene Albert Einstein analemba mu 1915 amafotokoza mphamvu yokoka zinthu monga kupindika kwa danga ndi nthawi. Munthu akawatsata chobwerera m'mbuyo, amakafika pamene chilengedwe chonse chinali chopanikizika mopanda malire, ndipo pamenepo masamuwo amaleka kupereka mayankho. Akatswiri amati imeneyi ndi singularity. Roger Penrose mu 1965, kenaka iye pamodzi ndi Stephen Hawking mu 1970, anatsimikiza kuti singularity siipeweka. Umboni wawo sunanene mmene danga limakhalira likamayandikira pamenepo.

Ganizo loyamba lomveka linachokera ku Moscow. Cha m'ma 1970, Vladimir Belinski, Isaak Khalatnikov ndi Evgeny Lifshitz anati pafupi ndi singularity kadera kalikonse kamaleka kumvana ndi timadera toyandikana nako, chifukwa ngakhale kuwala sikupeza nthawi yoti kudutse pakati pawo. Kalikonse kamangoona zake. Danga limafinyika mbali ziwiri uku likutanuka mbali yachitatu, monga anafotokozera Edward Kasner mu 1921, kenaka mbalizo zimasinthana, n'kusinthananso mosatsata ndondomeko, ngati mtanda wa mandasi uli m'manja mwa wokanya. Charles Misner anapeza zofananazo mu 1969 ndipo anazitcha Mixmaster, dzina la makina osakanizira ufa kukhitchini.

Limeneli linali ganizo chabe, ndipo ambiri ankalikayikira. Masamu a Einstein ndi ovuta kuwathetsa ndi cholembera, n'chifukwa chake ntchitoyi inapita kwa kompyuta. Danga amaligawa kukhala timadontho tambirimbiri, kompyuta n'kumawerengera mmene kadontho kalikonse kakusinthira pang'onopang'ono. Luso lenileni lagona pa wotchi: amaikonza kuti sitepe iliyonse izidya gawo lokha la nthawi yotsala. Motero kompyuta imasendera kufupi ndi singularity koma siifikapo, ndipo manambala sasefukira.

Beverly Berger ndi Vincent Moncrief anayesa zimenezi mu 1993 pa chilengedwe chopepukirako, chotchedwa ndi dzina la Robert Gowdy, momwe zinthu zimasintha mbali imodzi yokha. Anaona chimene palibe ankachiyembekezera: pa malo ena ochepa manambala ankatumphuka mosongoka ngati minga, ndipo mingayo inkaondera nthawi ikamapita. Wodziwa kompyuta akaona zotere amayamba wakayikira pulogalamu yake, ndipo kukayikira kotero n'koyenera. Mu 2001 Alan Rendall ndi Marsha Weaver anasonyeza kuti ina mwa mingayi ndi yeniyeni, pamene ina imabwera chifukwa cha kayezedwe chabe.

David Garfinkle mu 2004 anachotsa chopeputsa chija, nalola danga kusintha mbali zonse zitatu. Zimene anapeza zinagwirizana ndi ganizo la ku Moscow lija: kadera kalikonse kanatsata njira ya Kasner n'kumasintha pakokha. Komabe kompyuta imaona kusinthana kowerengeka chabe, chifukwa minga ija imafika poonda kuposa mpata wa pakati pa timadontho, ndipo kuyambira pamenepo manambala sakhalanso odalirika.