Takeshi awiri, nkhope imodzi

Ngati mumakonda filimu yoyenda mwacindunji, "Takeshis'" ya mu 2005 idzakuzunguzani mutu. Anaipanga ndi Takeshi Kitano wa ku Japan, uja wa Takeshi's Castle, amene anapata Golden Lion ku Venice mu 1997 ndi filimu ya Hana-bi.

Muno akusewera anthu awiri. Wina ndi Beat Takeshi, wochuka, woyendetsedwa m'galimoto yodula. Wina ndi Kitano wa tsitsi loyezuka, wogulitsa m'sitolo, amene amayesa mwayi wosewera m'mafilimu koma amabwezedwa nthawi zonse. Tsiku lina wam'sitoloyu apeza cikwama ca mfuti, ayamba kuombera anthu monga mwamene Beat Takeshi amacitira pa kanema. Manje oomberedwawo sakufa. Amauka, nkubweranso ndi nchito zina, nkhope zomwezo.

Ndani akulota mnzake? Filimu siyankha, ndipo penapake imatopetsa ndithu. Koma Kitano, ali ndi zaka 58, anatenga mfuti ndi nkhope youma zimene zinamuchukitsa nkuziseka pagulu, ngati munthu wotopa ndi dzina lake. Anapitiriza kudzifufuza m'mafilimu ena awiri, mu 2007 ndi 2008.