SALIMO 51 M'CHIHEBRI: PEMPHERO LA MUNTHU WOFUNA KULENGEDWANSO

Mau oyamba

Lachisanu m'maŵa, pa Mapemphero a Eklezia, ife ansembe ndi ophunzira unsembe timayamba masalimo athu ndi Salimo 51. Timalimvanso pa Misa ya Lachitatu la Phulusa, ndipo ndime yake imodzi, yonena za kutsekulidwa kwa milomo, ndiyo imatsegulira mapemphero athu a tsiku lonse. Amene wakhala wansembe zaka khumi walinena salimoli nthaŵi mazanamazana. Apa ndiye pali choopsa: pakamwa pakazoloŵera, mtima umayamba kuodzera. Tsono m'nkhani ino tifuna kuliŵerenganso m'chilankhulo chimene lidalembedwamo, kuti timve bwino chimene timapempha tikamalinena.

Chifukwa chiyani Chihebri?

Kwa zaka mazana ambiri Eklezia wa Chilatini adapemphera masalimo otanthauziridwa kuchokera ku Chigriki cha Septuaginta. Jerome Woyera, ali ku Betelehemu cha m'ma 392, adaŵatanthauzira kuchokera ku Chihebri chenicheni, koma m'mapemphero anthu adakangamira masalimo amene adaŵazoloŵera kale. Mu 1943 Papa Pius XII, m'kalata yake *Divino Afflante Spiritu*, adalimbikitsa ophunzira Malembo kuti abwerere ku zilankhulo zoyambirira. Mu 1965 Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican, m'chikalata chake *Optatam Totius*, udatinso ophunzira unsembe alimbikitsidwe kudziŵa zilankhulozi. Sikuti Baibulo lathu la Chicheŵa nlopereŵera pa chipulumutso ai. Koma wotanthauzira aliyense amayenera kusankha liu limodzi pamene Chihebri chikunena zingapo, ndipo wansembe, pokhala mphunzitsi wa Mau a Mulungu, ayenera kudziŵa zimene zidatsalira.

Tikumbutsane za kaŵerengedwe. M'Septuaginta ndi m'Vulgata salimoli ndi la 50. M'Chihebri mutu wake umaŵerengedwa ngati ndime ziŵiri zoyamba, kotero kuti ndime zonse zilipo 21, pamene m'mabaibulo ena zilipo 19. Ife pano titsata kaŵerengedwe ka Chihebri.

Mutuwo umalumikiza salimoli ndi tchimo la Davide pa nkhani ya Betiseba ndi Uriya (2 Samuele 11-12). M'menemo mneni *bo*, ndiye kuti kuloŵa kapena kufika, alimo kaŵiri: poyamba ponena za mneneri Natani kufika kwa Davide, kachiŵiri ponena za Davide kuloŵa kwa mkazi wa mwini. Mau a Mulungu adamloŵera mfumu ija monga momwe iyo idaloŵera m'nyumba ya mnzake. Akatswiri ambiri amati mitu yotere idalembedwa pambuyo pake, ndiponso kuti ndime 20-21, zonena za kumanganso malinga a Yerusalemu, zikugwirizana ndi nthaŵi ya pambuyo pa 587 Khristu asanabadwe, pamene Ababiloni adaononga mzindawo. Choncho pemphero la munthu mmodzi lidasanduka pemphero la mtundu wonse wogwa.

Maina atatu a tchimo

M'ndime 3 ndi 4 mlembi akutchula tchimo lake ndi mau atatu. Loyamba ndi *pesha*. Liuli nlochokera ku nkhani za maufumu: mneni wake ndiye akupezeka pa 2 Mafumu 1:1, pamene Mowabu adapandukira Israele atafa Ahabu. *Pesha* ndi kupandukira yemwe udapangana naye chipangano. Lachiŵiri ndi *awon*, limene tsinde lake likunena za kukhota kapena kupotoka. Liuli limasenza zinthu zitatu pamodzi: choipa chimene wachita, mlandu umene watsala nawo, ndi chilango chimene chikukutsata. Ndilo limene Kaini akulitchula podandaula pa Genesis 4:13. Lachitatu ndi *hattat*, lochokera ku mneni *hata*. Pa Oweruza 20:16 mneni yemweyu akunena za kuphonya, pofotokoza za amuna 700 amanzere a fuko la Benjamini, amene sankaphonya poponya miyala ndi khwenengwe.

Tikati "ndachimwa", kaŵirikaŵiri timangoganiza za lamulo limene taswa. Mlembi uyu akuona zoposa apo: wadula chibale, wakhota m'kati, ndipo waphonya cholinga cha moyo wake. Nchifukwa chake pa ndime 6 akuvomera kuti amene wamchimwira ndi Mulungu mwini. Izi sizichepetsa magazi a Uriya, pakuti ndime 16 ikutchula *damim*, mlandu wa kukhetsa magazi. Zikungoonetsa kuti wolakwira mnzake wapandukira Mwini chipangano amene amateteza mnzakeyo.

Maina atatu a chifundo

Chofunika kuchiona nchakuti m'Chihebri, mlembi asanatchule nlimodzi lomwe la maina a tchimo aja, watchula kale maina atatu a chifundo. Liu loyambirira la pemphero lonse likuchokera ku mneni *hanan*, kukomera mtima munthu amene alibe chokulipira nacho. Ndicho chimene ife timati chaulere. Lachiŵiri ndi *hesed*, chikondi chokhulupirika cha amene adachita chipangano ndipo sabweza mau ake, ngakhale winayo apanduke. Lachitatu ndi *rahamim*, limene lili pachibale ndi *rehem*, chibaliro cha mai. Pa 1 Mafumu 3:26, mai weniweni uja atamva kuti Solomoni afuna kudula mwana pakati, chimene chidatakasika m'kati mwake ndi *rahamim*. Ife Acheŵa sitivutika kumva zimenezi, pakuti timadziŵa kulemera kwa mau akuti abale a mimba imodzi. Papa John Paul II adafotokoza mau aŵiriŵa, *hesed* ndi *rahamim*, m'kalata yake *Dives in Misericordia* ya 1980.

Mau onse asanu ndi limodziŵa, atatu a chifundo ndi atatu a tchimo, timaŵapeza m'masinde omwewo pa Eksodo 34:6-7, pamene Mulungu adadziulula kwa Mose Aisraele atangopembedza mwanang'ombe wagolide. Tsono mlembi sakudzipangira yekha Mulungu wofeŵa. Akungogwira Mulungu pa mau amene Iye mwini adanena pa phiri la Sinai.

Kufafaniza, kuchapa, kuyeretsa

Pa maina atatu a tchimo mlembi akuikapo aneni atatu, ndipo wochita wake pa onsewo ndi Mulungu. Woyamba ndi *mahah*, kufafaniza zolembedwa, monga pa Numeri 5:23, kapena kupukuta mbale, monga pa 2 Mafumu 21:13. Tchimo lili ngati mlandu wolembedwa m'buku.

Wachiŵiri ndi *kabas*, ndipo apa Chicheŵa chikutithandiza kuposa Chilatini. Ife timasiyanitsa kusamba m'thupi, kutsuka mbale ndi kuchapa zovala. Chihebri nachonso chili ndi *rahats* pa kusamba m'thupi, ndi *kabas* pa kuchapa zovala mozipondaponda kapena kuzimenya. Chigriki chidasunga kusiyanaku, koma *lavare* wa Chilatini amakwanira zonse. Pa ndime 4 ndi 9 mlembi akugwiritsa ntchito *kabas* ponena za iye mwini. Akudziyesa nsalu imene litsiro lidaloŵerera m'ulusi, yosati nkuyera ndi kungoiviika. Aliyense amene adaonapo amai kumtsinje akumenya nsalu pa mwala akudziŵa kuti wopempha zotere wavomereratu zoŵaŵa.

Wachitatu ndi *taher*, liu la ansembe a Chipangano Chakale. Pa Levitiko 13-14 wansembe ankayang'ana munthu wodwala nthenda ya pakhungu, ndipo akachira ankamchitira mwambo nkulengeza kuti wayera, abwerere kwa anzake. Pa mwambowo ankagwiritsa ntchito kachitsamba kotchedwa *ezob*, hisope, komwe kakutchulidwa pa ndime 9. Ndi kachitsamba komweka Aisraele adapakira magazi pa mphuthu za nyumba usiku wa Paska (Eksodo 12:22), ndipo Yohane akukatchulanso pa mtanda (19:29). Mneni amene ali pamodzi ndi hisope pa ndime 9, amene Chilatini chidamtanthauzira kuti kuwaza, ngwochokera ku tsinde lija la *hata*, koma m'kapangidwe kena kotanthauza kuchotsa tchimo. Liu lomwe limene lidatchula bala ndilo likutchulanso mankhwala ake.

Kulenga

Pachimake pa salimoli ndi pa ndime 12. Mlembi wazindikira kuti kufafaniza, kuchapa ndi kuyeretsa sikukwanira, pakuti pa ndime 7 wavomera kale kuti kukhotako adabadwa nako. Nsalu yochapidwa imadanso. Tsono akutenga mneni *bara*, yemwe ali pa Genesis 1:1. M'Chipangano Chakale chonse, *bara* akamatanthauza kulenga, wochita wake ndi Mulungu yekha. Munthu amaumba, amamanga, amasema, koma salenga. Chimene mlembi afuna kuti chilengedwe ndi *leb*, mtima. Kwa Ahebri mtima ndiwo malo a nzeru, maganizo ndi kufuna, kumene munthu amagamulira zochita. Sakupempha kuti amve bwino m'kati, koma kuti pakhale munthu wina wotha kusankha zabwino.

M'ndime 12, 13 ndi 14 liu lakuti *ruah*, mpweya kapena mzimu, likubwera katatu: mzimu wokhazikika, mzimu woyera wa Mulungu, ndi mzimu wodzipereka mwaufulu. Mau akuti mzimu woyera sapezeka kwina m'Baibulo la Chihebri koma pano ndi pa Yesaya 63:10-11. Mlembiyo sankadziŵa chiphunzitso cha Utatu Woyera monga tichidziŵira ife. Komabe Eklezia sakulakwa poŵerenga ndimezi m'kuŵala kwa Pentekoste, pakuti chimene chikupemphedwa pano ndicho chidalonjezedwa pa Ezekiele 36:25-27, ndipo Paulo Woyera akuchitcha chilengedwe chatsopano pa 2 Akorinto 5:17.

Nanga munthu mbali yake ndi iti? Pa ndime 10 pali mneni *dakah*, kuphwanya, ponena za mafupa amene Mulungu waphwanya. Pa ndime 19 mneni yemweyo akunena za mtima umene munthu akupereka ngati nsembe. Chilatini chidautcha mtimawo *contritum*, chinthu choperedwa, ndipo tsinde lomweli ndilo la *contritio*, chisoni cha machimo, chimene Msonkhano wa ku Trent udachifotokoza mu 1551 kuti ndicho kuŵaŵidwa mtima ndi kudana nalo tchimo, pamodzi ndi kutsimikiza kusachimwanso. Kutsimikizako kulimo m'salimoli, koma tione malo ake. Malonjezo a mlembi, akuti adzaphunzitsa opanduka anzake ndi kutamanda Mulungu, akuyamba pa ndime 15, atapempha kale mtima watsopano. Mphamvu yosungira lonjezo ikuchokera ku chimene Mulungu walenga.

Tanthauzo lake pa utumiki wathu

Tonse amene timamvetsera kulapa kwa akhristu timamdziŵa munthu wobwera mwezi ndi mwezi ndi tchimo lomwelomwelo, amene walonjeza kambirimbiri ndipo tsopano watsala pang'ono kutaya mtima. Tikhale oona: nthaŵi zina munthuyo ndi ife tomwe, tikagwada kwa wansembe mnzathu. Tikangomuuza kuti ayesetse kolimba, tamsenzetsa katundu yemwe wamgwetsa kale. Tikamuuza kuti palibe kanthu, tamnamiza, pakuti *pesha* ndi kupanduka ndithu. Salimoli likutipatsa njira ina: atchule tchimo lake ndi dzina lake lenileni, abweze zimene angathe kubweza kwa amene adamlakwira, ndipo apemphe chimene sangathe kudzichitira yekha. Ifenso tikumbuke kuti wansembe wa pa Levitiko sankachiritsa wodwala; ankatumikira chabe pa zimene Mulungu wachita. Zoona, m'Sakramenti la Kulapa timakhululukira machimo m'dzina la Khristu, osati kungolengeza ai. Koma wolenga mtima si ife.

Tiyambire pati?

Kwa ophunzira athu amene Chihebri chimaŵaopsa, tinene kuti zilembo zake zilipo 22 zokha, ndipo mau ambiri amamera pa tsinde la zilembo zitatu. Buku limene timagwiritsa ntchito, *Biblia Hebraica Stuttgartensia*, lidamalizidwa mu 1977, ndipo limatsata buku lolembedwa pamanja cha m'ma 1008, lotchedwa la ku Leningrad. Titenge ndime imodzi pa mlungu. Tiiŵerenge mokweza mpaka lilime lizoloŵere, tifufuze tsinde la liu lililonse, tione malo aŵiri kapena atatu pamene liulo likupezekanso, kenaka tiyerekeze ndi Baibulo lathu la Chicheŵa. Pajatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tichenjerenso ndi msampha umodzi. Tsinde la liu sindilo tanthauzo lake lonse. Mhebri wonena *hattat* sankaganiza za khwenengwe nthaŵi zonse, monganso Mcheŵa wonena kuti wapsa mtima saganiza za moto. Tanthauzo timalipeza poona m'mene liulo likugwirira ntchito m'chiganizo. Ndipo pa gome lolalikira tisamadzionetsere ndi mau achilendo. Akhristu afuna nsima, osati kuonetsedwa mphero.

Mau otsiriza

Tikatha kufufuza, titseke mabuku onse ndi kugwada. Lachisanu likubwerali tidzanenanso salimoli pamodzi ndi abale athu, m'mau omwe aja amene tidaŵazoloŵera. Tikadzafika pa ndime yonena za kuchapa, tidzakumbuke mwala wa kumtsinje, ndipo tidzifunse ngati tavomeradi. Tikadzafika pa ndime 12, tidzakumbuke kuti tikupempha ntchito imene Mulungu yekha ndiye amaichita, ndipo kuti Iye amene adalenga kumwamba ndi dziko lapansi angathenso kuichita mwa wansembe wochimwa.