Yagona Bwino, Koma Idutsa pa Hampu?

Mvula ikangokata, misewu ya Lilongwe ndi Blantyre imayamba kuonetsa zimene achinyamata akhala akukonza m'magaraja dzinja lonse. Zaka zapitazi achuluka magalimoto othamanga a zitseko ziwiri, ambiri ogulidwa ku Japan atayendako kale, olowa pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam. Galimoto yotere ikangofika sikhalitsa mmene inatulukira ku fakitale. Wina amaimata pepala la mtundu wina thupi lonse, wina amasintha magetsi, wina amaboola buti n'kumangapo phiko lalikulu longa la magalimoto a mpikisano. Zimenezi sizifuna mkangano wautali. Pepala likapsa ndi dzuwa limasendedwa. Phiko nalo ndi chokongoletsera chabe pa liwiro la m'tauni, pakuti mphamvu imene mphepo imalikanikizira pansi imawirikiza kanayi liwiro likawirikiza kawiri, ndiye phiko logwira ntchito pa makilomita 200 pa ola limangopereka gawo limodzi mwa magawo 16 a mphamvu yomweyo pa makilomita 50. Silithandiza kanthu, koma silipha injini. Chimene chimagawanitsa amakaniko ndi eni magalimoto ndi china: kuitsitsa galimoto kuti igone pansi n'kuiveka malimu akuluakulu.

Pa garaja ina ku Biwi mu Lilongwe panaima galimoto yotere, yofiira, yopukutidwa mpaka munthu kudziona nkhope pa chitseko. Malimu ake akuda a mainchesi 19 anadzaza malo onse, ndipo tayala linangotsala kamzere kopyapyala ngati lamba wa m'chiuno. Pakati pa tayala ndi madigadi sipankalowa ngakhale chala. Ili chiimire inali yokongola zedi, ndipo odutsa pamsewu ankatembenuka kuti aionenso. Koma kuti ilowe pa chipata cha garajayo panachita kuyalidwa matabwa awiri. Mlomo wa faiba wa pansi pa bampala unali wong'ambika kumanzere, womangidwa ndi timalamba titatu ta pulasitiki, kunsi kwake kutayera ndi kukwechesuka. Kuchokera pa chipatapo kufika pamene inaima panali madontho akuda otsatizana pa fumbi. Itakwezedwa pa jeke, gwero la madonthowo linaoneka: sampu inali ndi mng'alu wotalika ngati chala cha mkombaphala, oyilo akudontha m'beseni. Matayala akutsogolo, amene mbali ya kunja ankaoneka atsopano, mbali ya m'kati anali atadyeka mpaka mawaya. Ndipo kumapeto kwa sipuling'i iliyonse, pamene chitsulo chimayenera kuthera mosalala, panali chipsera cha girayinda. Galimotoyo sinatsitsidwe ndi zipangizo zopangidwira ntchitoyo. Masipuling'i ake anangodulidwa.

Vutoli limayambira pa masentimita ochepa kwambiri. Magalimoto ambiri othamanga amachoka ku fakitale ali kale pansi: mpata wa pakati pa mimba ya galimoto ndi msewu umakhala masentimita 13 kapena 14, pamene wa pikiapu umaposa 20. Masipuling'i otsitsira ogulitsidwa m'mashopu amachotsapo masentimita 3 kapena 4, ndipo wodula ndi girayinda sadziwa n'komwe kuti achotsa angati mpaka galimoto itatsika pa jeke. Mukakwera anthu awiri ndi katundu, mpatawo umachepanso. Ku Japan komweko, kumene kugoneka magalimoto ndi mwambo wakale wokhala ndi dzina lakelake, shakotan, galimoto imene mpata wake sukwana masentimita 9 sipambana pa kuyeza kwa boma kotchedwa shaken. Malire amenewa anaikidwa ku dziko la misewu yosalala. Ife timatenga galimoto yomweyo, n'kuitsitsa mwina kupitirira malirewo, n'kuiyendetsa pa misewu imene pafupifupi pa sukulu ndi pa msika uliwonse pali hampu, mahampuwo osafanana msinkhu, ndipo pomwe phula lathera pamakhala phompho lodyedwa ndi madzi.

Malimu nawo ali ndi masamu awo, ndipo masamuwo alembedwa pa tayala lenilenilo. Tayala lolembedwa 205/55 R16 ndi lotambalala mamilimita 205, ndipo khoma lake la m'mbali ndi magawo 55 pa 100 a kutambalalako, kutanthauza mamilimita pafupifupi 113. Kuti limu la mainchesi 19 lilowe pamalo omwewo, tayala liyenera kukhala ngati 215/35 R19, limene khoma lake ndi mamilimita 75 basi. Gawo limodzi mwa magawo atatu a khoma lapita. Khomalo ndi mpweya wa m'kati mwake ndi zimene zimayamba kulandira nkhonya ya dzenje, sipuling'i isanamve kanthu. Likachepa, mlomo wa dzenje umapana tayala pa limu, ndipo zotsatira zake amakaniko amazidziwa pamtima: chotupa m'mbali mwa tayala, limu lopindika lotaya mpweya usiku uliwonse, kapena, ngati ndi malimu otchipa ongotengera maonekedwe a enieni, limu losweka. Kuwonjezera apo limu lalikulu kawirikawiri limalemera kuposa laling'ono, ndiye galimoto imene mwini wake amafuna kuti ioneke yaliwiro imanyamuka mwaulesi kuposa kale.

Okonda kugoneka magalimoto ali ndi yankho, ndipo yankholo si lachibwana. Amati galimoto yotsika imagwira msewu, sipendekeka pokhota, n'chifukwa chake magalimoto ambiri a mpikisano amayenda mimba ili pafupi ndi phula. Izi n'zoona. Kulemera kukakhala pafupi ndi nthaka galimoto sigwedezeka kwambiri pa kona, ndipo tayala la khoma lalifupi limamvera chiwongolero msanga. Koma magalimoto a mpikisano aja amathamanga pa bwalo losalala, lopanda dzenje ndi limodzi lomwe, ndipo masipuling'i ndi ma-shock awo anawerengeredwa limodzi. Pa msewu wamabampu chimene chimagwiritsa galimoto msewu ndi mpata umene tayala lili nawo wokwera ndi kutsika motsata nthaka. Mukadula sipuling'i n'kusiya shock yakale, mpatawo umatha, shock imagunda kumapeto kwake, ndipo tayala limadumpha m'malo motsata msewu. Tayala limene lili m'malere silikhota ndipo siligwira mabuleki. Sipuling'i yofupikitsidwa ikhozanso kuchoka pa mpando wake tayala likalendewera m'dzenje. Kutsikako kumapendeketsanso matayala kuti mitu yake iweramire m'kati, n'chifukwa chake a galimoto yofiira ija anadyeka mbali imodzi, mbali imene mwini wake sankaiona poimika galimoto. Choncho mfundo ya kugwira msewu ndi yoona pa msewu wa mtundu umodzi ndi zipangizo za mtundu umodzi; ikafika pa girayinda ndi msewu wa ku Area 25 mvula itangotha, imatembenuka n'kutsutsa eni ake.

Yankho lachiwiri ndi lakuti galimoto ndi yake, ndalama ndi zake, akaswa sampu alipira yekha. Pa pepala lomata thupi ndi pa phiko mawu amenewa ndi okwanira, ndipo palibe woyenera kulowerera. Pa kutsitsa sakwanira. Aliyense waonapo mmene galimoto yogona imadutsira hampu: imaima kaye, n'kupingasa, tayala limodzi limodzi, mphuno italowa mbali ya magalimoto ochokera kutsogolo, m'mbuyo mzere wa maminibasi ukuimba mahutala. Woyendetsa amene akuopa dzenje lililonse amakhotera mwadzidzidzi kumene kuli wakabaza ndi woyenda pansi. Oyilo wotayika pa phula amagwetsa njinga yamoto ya munthu amene sanasankhe nawo malimu. Ndipo tayala lachotupa likaphulika pa M1 silifunsa kuti ndalama zinali za ndani. Palinso nkhani ya inshuwalansi: amene wasintha miyendo ya galimoto osawauza a kampani yake akhoza kukapeza mkangano tsiku limene akufuna chipukuta misozi.

Yankho lachitatu ndi limene ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa silinamizira sayansi. Limati kukongola pakokha n'kofunika, ndipo galimoto yogona bwino ndi luso ngati luso lina lililonse. Ndikuvomereza. Mnyamata amene wasunga ndalama zaka zingapo kuti galimoto yake isafanane ndi ya wina aliyense sakuchita chinthu chopusa. Koma tione zimene anachita anthu amene anakonda maonekedwe amenewa koposa onse. Ku Los Angeles, achinyamata a mabanja ochokera ku Mexico ndi amene anakulitsa mwambo wa magalimoto ogona otchedwa lowrider. Mu 1958 boma la California linaletsa galimoto iliyonse yokhala ndi chiwalo chotsika kuposa kunsi kwa limu. Iwo sanasiye luso lawo. Anatenga mapampu a hydraulic ochotsedwa ku ndege zakale n'kuwamanga m'magalimoto, kuti galimoto izigona ikaima n'kudzuka ikamayenda. Lamulolo linachotsedwa kuyambira mu 2024, koma njira yawo ija inakhazikika. Magalimoto othamanga okwera mtengo kwambiri a ku Ulaya masiku ano amagulitsidwa ndi batani lokweza mphuno masentimita pafupifupi 4 pofika pa hampu. Akatswiri a kugoneka magalimoto, kuyambira m'magaraja a kuseri kwa nyumba mpaka m'mafakitale akuluakulu, ambiri anafika pa mfundo imodzi, yakuti galimoto yotsika iyenera kukhala ndi njira yokwerera. Wodula sipuling'i wagula theka lokha la lusolo, ndipo theka limene walisiya ndi limene limateteza injini.

Zipangizo zotere zilipo. Ma-coilover amalola kukweza kapena kutsitsa galimoto ndi sipanala, ndipo matumba a mpweya amachita zomwezo munthu ali pa chiwongolero. Vuto ndi mtengo, komanso kuti chikawonongeka chimodzi nthawi zambiri chimachita kuitanitsidwa ku Johannesburg kapena ku Dubai, galimoto ili pa miyala. Amene thumba lake silifika pamenepo sanatsekeredwe njira. Akhoza kukweza limu ndi inchesi imodzi m'malo mwa zitatu, n'kuonetsetsa kuti mabowo a mabawuti ndi kuya kwa limu zikugwirizana ndi galimoto yake popanda kukakamiza. Akhoza kutsitsa masentimita 2 ndi masipuling'i opangidwira galimoto imeneyo, pamodzi ndi ma-shock ogwirizana nawo, n'kupita nayo pa alayinimenti tsiku lomwelo. Chitsulo chotchinga kunsi kwa sampu, chimene wowotcherera waluso wa ku Ndirande kapena ku Biwi komweko akhoza kupanga, sichioneka pa chithunzi, koma mtengo wake sufika ngakhale pang'ono pa wa injini imene yauma oyilo. Asanagule chilichonse mwa izi, ayambe watenga tepi n'kukayeza hampu yaitali kwambiri ya pa njira yake ya tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi polowera pa chipata cha kwawo.

Kuseri kwa magaraja ambiri kumakhala mulu wa malimu a mainchesi 16 ndi 17 amene anabwera ndi magalimotowa kuchokera ku Japan, ena matayala ake akadali abwinobwino, akugulitsidwa motchipa chifukwa eni ake anawaona ngati achikale. Inu amene mukusintha malimu chilimwe chino, akale aja musawagulitse. Aikeni pa mthunzi, muwafunditse. Mvula imayamba mu Novembala.