Tilembe Manda Akale a ku Mchinji

Mchinji kale inkatchedwa Fort Manning, ndipo ku Kachebere ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1903. Mbiri yambiri ya nthawi imeneyo yagona kumanda, koma malembo a pa ziliza akufufutika, ndere zaphimba mayina. Ine ndikuti tiyambe kulemba tsopano. Choyamba nkupempha chilolezo kwa amfumu, popeza kumanda salowako chisawawa. Kenako kujambula chiliza chilichonse, nkukhala pansi ndi agogo atiuze amene anagona pa mitumbira yopanda chiliza, pakuti imeneyo ndiyo yochuluka. Ku Mua, Chamare Museum yaonetsa kale kuti mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao ingasungidwe pafupi ndi eni ake. Mafumu ndi aphunzitsi a ku Mchinji, yambani agogowo akadali moyo.