Kodi mumadziwa?

Si mafoni onse amakono amene amayendera Android kapena iOS. PinePhone, foni ya kampani ya Pine64 yomwe inafika m'manja mwa ogula mu 2020, imalola mwiniwake kusankha yekha pulogalamu yoiyendetsa, monga Ubuntu Touch, Mobian kapena postmarketOS.

Mumangoika pulogalamuyo pa memori khadi n'kulowetsa m'foni, ndipo mukaiyatsa imayambira pakhadipo. Mukavundukula kumbuyo mupeza timaswichi 6 tating'onoting'ono. Tina mwa ito timazimitsiratu makamera, maikolofoni, Wi-Fi ndi netiweki. Batire nalonso limachotseka ndi manja.

Ntchito yopanga postmarketOS inayamba mu 2017 n'cholinga choti foni izitumikira mwiniwake zaka 10, osati kutayidwa ikadali yabwinobwino.